Tiyi wa Lemonigirasi ndi Phazi la Apongozi Anga

Ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga ya unamwino, ndipo poti tsopano ndinapuma ndilibenso chowiringula. Za ubwana wanga ku Dedza ndizilumpha, munazimva mpaka kutopa nazo. Ndiyambira pamene boma linanditumiza ku Rumphi, chifukwa kuno ndi kumene ndinapeza ntchito, banja, ndi apongozi amene anandipatsa mayeso ovuta kuposa onse amene ndinalemba kusukulu. Inu agogo anu aamuna mumawakumbukira ngati nkhalamba ya tayi yokonda kukufunsani masamu musanalandire nthochi. Chimene simudziwa bwino n'chakuti chaka china anangotsala pang'ono kudulidwa mwendo, ndipo nkhani imeneyo ndikufuna ikhale papepala ndisanayambe kuiwala.

1995: Chitimba

Ndinatsika basi pa Chitimba ndi sutikesi, ndowa, ndi mawu awiri a Chitumbuka amene ndinawatola m'basi momwemo, yewo, kutanthauza zikomo, ndi chomene, kutanthauza kwambiri. Ine mwana wa m'mapiri wozolowera mphepo, kutentha kwa kunyanja kunandifooketsa, moti masabata oyamba ndinkangoganiza zopempha kuti andisamutse. Amene anandikhazika mtima pansi anali mkulu wa kachipatala kathu, a Harawa, bambo aafupi a dazi amene anthu ankangowatcha adokotala. Ananditenga ngati mwana wawo. Ndi iwo amene anayamba kunditcha NyaMbewe, pakuti kuno mkazi amaitanidwa ndi dzina la kwa bambo ake, ndipo dzinalo landikakamira mpaka lero. Tsiku lina atandipeza ndikulimbana ndi mayi wina amene sitinkamvana chilankhulo, anandiitanira pakhonde n'kunena kuti, "Za Chitumbuka usadandaule, odwala akuphunzitsa ulere. Chovuta kuno ndi ulemu. Anthu akuno ndi aulemu chomene. Ukamufunsa munthu ngati akumwa mankhwala ayankha kuti enya, ndiye kuti inde, pongofuna kuti usakhumudwe. Iwe uzifunsa kuti dzulo wadya chiyani, anaphika ndani, anaphika bwanji." Ndinangogwedeza mutu, osadziwa kuti andipatsa chida chimene ndidzagwire nacho ntchito moyo wanga wonse.

Odwala athu ambiri anali asodzi ndi amayi oyanika usipa, ndipo matenda awo anali malungo, likodzo ndi mabala a mbedza. Matenda a shuga tinkati ndi a mabwana a m'tauni. Kamakina koyezera kunalibe. Tikamukayikira munthu tinkathira madontho a mkodzo wake m'kabotolo ka galasi kokhala ndi mankhwala obiriwira, n'kuwiritsa pa kanyali ka sipiriti, ndipo madziwo akafiira ngati njerwa tinkamutumiza ku chipatala chachikulu. Zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko, anthu otere ndinawawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Amene ndinkamuona pafupipafupi anali mphunzitsi wina wamtali wa pasukulu yapafupi, amene malungo ankamugwira mwezi uliwonse koma thupi lake silinkatentha. A Harawa anamuyang'anitsitsa ulendo wina n'kunena kuti, "Aphunzitsi, malungo anuwa ife tilibe mankhwala ake. Tumani akuluakulu ku Dedza." Mphunzitsi ameneyo ndi bambo anu, ndipo akakana mudzawafunse chifukwa chake malungowo anathera tsiku la ukwati.

1999: Katowo

Titakwatirana anatisamutsira ku Katowo, kufupi ndi Nyika, ndipo kuzizira kwake kunandikumbutsa kwathu. Ntchito inali yowawa. Tinalipo anamwino awiri okha, ine ndi mayi wina wamkulu wokalipa amene ankayendetsa chala pamwamba pa kabati pofuna fumbi. Ndinkamuopa, koma ukhondo umene mumandinena nawo ndinautengera kwa iye. Parafini wa firiji ya katemera ankatha, magolovesi tinkawachapa n'kuwayanika pachingwe, ndipo mvula ikagwa pikapu yobweretsa mankhwala inkatitimira panjira. Komabe amayi ankabereka, ana ankabayidwa katemera, ndipo anthu ankatithokoza ndi nyemba ndi mbatata mpaka kusowa poziika.

Sukulu ina ndinkailowa patchuthi, kumudzi kwa bambo anu ku chigwa cha Nkhamanga. Kwathu ku Dedza mwamuna ndiye amadzakhala kwa mkazi, ndipo woyenda chozemba ndi mkamwini. Kuno ndinapeza zili zotembenuza. Ine ndinali mkamwana, kutanthauza mkazi wa mwana wawo, ndipo pakhomo pa agogo anu mwambo wake unali wolimba. Mkamwana sakhala pakhonde pamene pali apongozi aamuna, sadya iwo akuona, sawayang'ana kumaso, ndipo kuwakhudza n'kosatchulika komwe. Moni ndinkaperekera patali nditagwada, ndipo mawu ena onse ankadzera kwa agogo anu aakazi. Agogo anu aamuna anali atapuma pa uhedimasitala ndipo anali mkulu wa mpingo. Sanali ankhanza, ayi. Ankanditumizira nkhuku ndikabereka, ndipo ankandiyankha moni m'Chichewa choyera cha m'mabuku, chimene anachiphunzitsa zaka zambiri. Koma kwa zaka zoposa khumi sitinalankhulanepo mawu opitirira moni. Ndinkawadziwa monga mmene umadziwira phiri la pafupi ndi kwanu, kuliona tsiku lililonse osalikwera. Chimene ndinkachidziwa bwino chinali kapu yawo ya tiyi, chifukwa ndinkaitsuka ndine. Inali yaikulu yachitsulo, ndipo pansi pake pankatsala shuga wosasungunuka woti mwana n'kumwera phala.

2007: Nkhamanga

Tinapempha kuti atisendeze kufupi ndi makolo, ndipo anatiika pa kachipatala kena ka m'chigwamo, mtunda woyenda pansi kuchokera kumudzi. Mkulu wa pamalopo anali a Kumwenda, munthu wofatsa wamanja abwino, amene ali mwana anaphunzitsidwa ndi agogo anu. Chaka chomwecho ndinayamba kuona kolala ya shati ya agogo anu ikukula, ndipo madzi ankamwa ngati ng'ombe yochokera kudambo louma. Tsiku lina tikusenda chinangwa kukhitchini, agogo anu aakazi anandinong'oneza kuti, "Mkamwana, adada anu akutuluka panja usiku wonse, ndipo pamene ataya madzi nyerere zikumaunjikana. Kodi si anthu awalodza?" Ndinawauza kuti si anthu ayi, ndi shuga. Uthengawo unayenda njira yake ya nthawi zonse, kuchoka kwa ine kupita kwa bambo anu, kenako kwa eni ake. Anapita nawo ku chipatala cha ku boma, anawayeza, n'kuwayambitsa mapiritsi. Anawamwa mokhulupirika, ndipo kapu ya tiyi anaichepetsako shuga, ngakhale kuchepetsa kwake kunali kongochotsa supuni imodzi pa zambiri.

2012: Chaka cha udzu

Chaka chimenechi akuluakulu mwa inu mukuchikumbukira. Mafuta a galimoto anasowa, shuga m'magolosale anasowa, ndipo mankhwala ambiri anatha m'zipatala. Mapiritsi a agogo anu nawo anasowa. Ndinasowa mtengo wogwira, namwino wathunthu wopanda chowapatsa apongozi ake. Nthawi yomweyo mkulu wina wa mpingo anabwera kuchokera kwa mwana wake m'tauni ndi tsinde la udzu wonunkhira ngati mandimu, umene amautcha lemonigirasi, n'kunena kuti kumeneko anthu a shuga akuchira nawo. Agogo anu anaubzala kuseri kwa bafa pamene pamadutsa madzi, n'kuyamba kumwa tiyi wake m'mawa ndi madzulo. Patapita miyezi iwiri anapepukidwa, ludzu linachepa, ndipo anabwera okha kuchipatala kuti a Kumwenda awayeze. Tinali titalandira kamakina koyezera shuga, kamene umabaya chala n'kudontheza magazi pa kapepala kake kakang'ono. Shuga anali atatsikadi, popanda piritsi ndi limodzi lomwe. Lamulungu lotsatira agogo anu anaimirira nthawi ya zolengeza n'kuuza mpingo kuti Mulungu waika mankhwala a shuga m'udzu. Mawu a ahedimasitala sankagwa pansi. Anthu anaukumba udzuwo mpaka kutsala tsinde lokha, ndipo ena amene anali ndi mapiritsi otsala anawasiya.

Ndikuuzeni zoona, inenso ndinayamba kudzifunsa ngati udzuwo unalidi ndi mphamvu, pakuti mankhwala ambiri amene timapereka anachokera ku mitengo. Ndiye ndinakumbukira a Harawa, ndinapita kukhitchini kwa agogo anu aakazi n'kufunsa mmene amauphikira. Anati amangowiritsa masamba mpaka madzi atasintha mtundu. Ndinafunsa kuti shuga amathira wochuluka bwanji, ndipo anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Shuga m'mankhwala? Yayi, mkamwana. Mankhwala sathira shuga, amasukuluka mphamvu." Nanga tiyi wawo wa masiku onse uja? Anati anamusiya, poti shuga sakupezeka ndipo kapu ndi yomweyo. Masikono a tiyi nawo anasowa pamsika, ndipo kumisonkhano ya mpingo ankapita wapansi chifukwa matola kunalibe. Pamenepo ndinaona chimene chinachitika. Munthu amene ankamwa shuga wodzaza kapu kangapo patsiku anali atamusiyiratu, akuyendanso mtunda wautali. Ndinawafotokozera bambo anu, iwo anakawafotokozera bambo awo, ndipo yankho linabwera lakuti anthu a chipatala amachita nsanje ndi chilichonse chimene sichinachokere m'botolo.

Chakumapeto kwa chaka zinthu zinayamba kupezekanso. Shuga anabwerera m'magolosale, mapiritsi anabwera, ndipo anthu atagulitsa fodya inayamba nyengo ya maukwati. Agogo anu, monga mkulu wa mpingo, sankasowa pa tebulo lapamwamba. Tiyi wa shuga anabwereranso m'kapu ija, ndipo lemonigirasi ankamwa madzulo okha, amvekere akufufuta bolodi la tsikulo. Mapiritsi anawakana kwamtuwagalu. Ndinayamba kuwaona akutsimphina. Kenako tsiku lina agogo anu aakazi anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundionetsa sokosi imene anati achape. Inali yonyowa kuchala, ndipo fungo lake namwino aliyense amalidziwa. Nsapato zatsopano za paukwati zinawatupitsa thuza pa chala chaching'ono, iwo osamva kanthu chifukwa shuga amapha mitsempha ya kumapazi, ndipo thuzalo linali litasanduka bala. Mabala otere ndinali nditawaonapo ndipo ndinkadziwa kumene amathera.

Bambo anu anali kummwera kukachonga mayeso a boma, ndipo pafoni anati ndidikire abwere. Bala la shuga silidikira munthu. Ndinapempha a Kumwenda kuti apite, ndipo anapitadi, koma anabwerako ndi mkoko wa nthochi ndi mtolo wa udzu womwewo. "Andikumbutsa kuti anandiphunzitsa kugwira pensulo," anatero akupukusa mutu. "Nsapato akana kuvula. Amama, ine ndalephera." Ndinakhala pabenchi ya odwala ndikuyeza zinthu ziwiri. Ndikapita ndekha kukalankhula nawo ndiye kuti ndaphwanya mwambo, ndachititsa manyazi bambo anu, ndipo abale akanatha kunena kuti Mchewa uja wasonyeza kusaleredwa kwake. Ndikakhala chete, mwendo upita, mwina ndi moyo womwe. Ndinakawauza agogo anu aakazi zimene ndinkaganiza. Anapitiriza kupeta mpunga, kenako anati, "Ine sindinamve kanthu. Koma mawa m'mawa adada anu akhala okha pakhonde, ndipo ine ndili ndi ntchito yambiri kudimba." Mayi ameneyo ndimamuthokoza mpaka lero.

M'mawa mwake ndinavala yunifolomu, pamwamba pake n'kumanga chitenje, ndinanyamula beseni ndi nsalu zomangira mabala. Ndinagwada pamasitepe a khonde, pafupi kuposa pamene ndinafikapo chikwatiwire. Nditapereka moni sindinachoke monga mwa masiku onse.

"Adada, ndabwera ndi mlandu. Ndikudziwa kuti pano si malo anga, koma ndikupempha kuona phazi lanu."

Anatseka buku limene ankawerenga, osandiyang'ana. "Amene wabwera pano ndani, mkamwana wanga kapena nesi wa boma?"

"Nesi wa boma akanakulemberani kalata ya ku chipatala n'kumapita kwawo, adada. Wabwera ndi mayi wa adzukulu anu."

Atayankhula, mawu awo sanali aukali ngati mmene ndinkayembekezera. Anati mnzawo wina amene anaphunzira naye uphunzitsi anapita ku chipatala chachikulu ndi kabala ka shuga, ndipo anabwerako ndi mwendo umodzi wa buluku wopindidwa ndi pini. "Kumeneko amadula, mkamwana. Ine ndikufuna kukaonekera kwa Mlengi wanga wathunthu." Apa m'pamene ndinazindikira kuti sikunali kuuma mutu chabe, anali ndi mantha, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri. Ndinawauza kuti amene amadulidwa ndi ochedwa, ndipo kuti udzu sungathe kutsitsa shuga. Pamenepo uhedimasitala unadzuka. "Munauyesa?" Ndinati ayi. "Ndiye mukumulepheretsa bwanji mwana amene simunamulembetse mayeso? Kamakina kanu komweko kanavomereza kuti shuga watsika. Tiyeni tiuyese, koma zikhale feya. Sabata imodzi ndimwa udzu wanga, ndidya monga ndimadyera, inu muzindiyeza m'mawa uliwonse. Ukakhoza, mukaubzale kuchipatala kwanu. Ukalephera, ndikwera galimoto ya ku chipatala."

Pa zonse zimene ndinasankhapo pantchito, palibe chimene chinandilemera ngati ichi. Sabata yathunthu popanda mapiritsi, munthu ali ndi bala, ndi nthawi yokwanira kuti phazi liwonongeke. Koma kuwakakamiza sindikanatha, ndipo ndikanakana ndiye kuti khomo limene linangotseguka pang'ono likanatsekeka. Ndinavomera, koma ndinaika zanga: balalo nditsuke tsiku lomwelo ndi tsiku lililonse, ndipo alandire jakisoni wa balalo. Anati jakisoni wa bala sakukhudza mayeso a udzu, ndiye palibe vuto. Kenako anawerama, anamasula chingwe cha nsapato, n'kuika phazi m'beseni langa, nkhope atayang'ana kumunda. Chala chinali chotupa chotuwa, ndipo kufiira kunali kutayamba kukwera pamwamba pa phazi. A Kumwenda nditawauza za mgwirizanowo anati ndikusewera ndi moto. Timapepala toyezera tinali titatsala tochepa, tosungira amayi oyembekezera ndi anthu okomoka. Komabe anagawa timapepalato pakati, n'kundipatsa. "Akadulidwa mwendo aphunzitsi anga ine ndili ndi timapepala m'kabati, ndidzayenda bwanji m'mudzi muno?" anatero.

Ndiye tinayamba. M'mawa uliwonse asanadye kanthu ndinkafika ndi kamakina. Iwo analamula kuti tsiku loyamba ndidzibayenso ine, kuti aone nambala ya munthu wopanda matendawo, ndipo manambala onse ankawerenga okha atavala magalasi, poopa kuti woyang'anira mayeso angabere. Agogo anu aakazi ankawiritsa udzu mumphika waukulu mpaka nyumba yonse kununkhira mandimu. Nambala yawo ya tsiku loyamba inali kutali kwambiri ndi yanga, koma anati pepala limodzi sililepheretsa mwana. Tsiku lotsatira inakwera. Analamula kuti masamba awonjezedwe, ndipo anamwa mpaka mimba kulira, koma inakwerabe. Chala chinayamba kuda kunsonga. Ine njira yonse yochokera kumudzi kupita kuntchito ndinkangopemphera kuti, Ambuye, ngati ndalakwitsa musalange mwendo wa munthu wosalakwa.

Sabata isanathe, m'mawa wina kamakina sikanalembe nambala. Kanangoonetsa zilembo ziwiri. Anafunsa tanthauzo lake, ndipo ndinawauza kuti shuga wadutsa pamene kamakinako kamatha kuwerenga. Ndinali nditakonzeka kugwada pamenepo mpaka dzuwa kulowa ngati akanati tidikire masiku otsalawo. Anavula magalasi, anayang'ana chala chawo chakudacho kwa nthawi yoyamba, kenako anaitana agogo anu aakazi. "Amama, phulani mphikawo. Udzu walephera, ndipo palibe chifukwa chomulembetsera mapepala otsala. Ndipatseni jekete." Tinapeza pikapu ya munthu wina wa fodya, ndipo ndinakhala nawo kutsogolo, phewa kukhudzana ndi phewa, mpaka ku boma. Madokotala anachotsa chala chaching'onocho, koma phazi analipulumutsa. Anagona m'chipatala pafupifupi mwezi. Bambo anu atafika n'kumva zonse anangokhala pansi m'khonde la chipatala, n'kundigwira dzanja pamaso pa anthu, chinthu chimene sanachitepo. Ena amati sabata ija inatidyera chala. Ine ndimati popanda sabata ija nsapato sakanavula, ndipo tikanataya mwendo.

2013 mpaka popuma

Atachira, agogo anu sanakhutire. Anati mayeso oyamba aonetsa chimene udzu sungathe, koma sanafotokoze chifukwa chimene shuga anatsikira poyamba paja. Ndinawafotokozera zimene ndinapeza kukhitchini, tsopano pakamwa ndi pakamwa, ndipo anati nazonso tiziyese. Timapepala titabwera tokwanira, anamwa mapiritsi pamodzi ndi tiyi wa shuga pang'ono kwa masiku angapo, kenako mapiritsi pamodzi ndi lemonigirasi wopanda shuga, ndipo anaona okha kusiyana kwake. Lamulungu lina anaimirira nthawi ya zolengeza, ndodo kumanja, phazi limodzi lili mu silipasi. Ine ndinali kumbali ya amayi. Anati, "Abale, chaka chatha ndinakuphunzitsani zolakwika, ndipo mphunzitsi akalakwitsa amakonza pamaso pa kalasi yomweyo. Udzu uja tauyesa ine ndi mkamwana wanga. Sutsitsa shuga. Ubwino wake ndi wakuti timaumwa wopanda shuga, basi. Umweni ngati tiyi, koma amene munasiya mapiritsi mawa mukaonekere kwa a Kumwenda. Ine ndalipira chala, inu musalipire china." Sabata imeneyo benchi yathu inadzaza ndi anthu amene tinali titawasowa miyezi yambiri, ena shuga atakwera koopsa. Udzuwo tinaubzaladi kuseri kwa chipatala, ndipo mpaka ndinapuma ndinkaugawira odwala amene ankati madzi otentha opanda kanthu sangawamwe.

Ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti ndinali ndi mwayi wa anthu. A Harawa anandiphunzitsa kufunsa, a Kumwenda anandikhulupirira ndi timapepala tawo totsiriza, ndipo agogo anu aakazi anapita kudimba pa tsiku loyenera. Koma woyamba kumuthokoza pambuyo pa Mulungu ndi mwini phazi. Ndaonapo anthu ambiri ophunzira ndi osaphunzira omwe amene analolera kufa kusiyana ndi kuvomera kuti analakwitsa. Iwo anavomera, pagulu, ali ndi imvi. Ndipo mlandu wanga wophwanya mwambo sanauzenge. Achibale ena atayamba kunong'ona kuti mkamwana wa ku Dedza akugwira mapazi a apongozi ake, anawayankha kuti amene akufuna ntchitoyo abwere ndi beseni lake Loweruka. Palibe anabwera.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinkapita kukawasambitsa mapazi, kuwawenga zikhadabo ndi kuyang'ana pakati pa zala ngati pali kabala. Tinkacheza za mpingo, za mitengo ya feteleza, ndi za inu, makamaka za amene masamu ankawavuta, amene sindiwatchula pano. Anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi ziwiri, akuyenda okha kupita kutchalitchi. Chimene chinawatenga chinali chifuwa cha ukalamba. Loweruka lomaliza ndinawapeza ali gone, osatha kudzuka, ndipo ndinati beseni ndilisiye panja. Anakodola ndi dzanja kuti ndilowe nalo. Ndinawapukuta mapazi ndi kansalu konyowa, ndinayang'ana pakati pa zala monga mwa nthawi zonse, ndipo anafunsa ndi mawu otsika kuti ndapeza chiyani. Ndinati palibe bala, adada, onse awiri ali bwino. Anatseka maso n'kunena kuti, "Ndiye ndipita nawo. Mwagwira ntchito, mwana wane." Ndinatuluka ndi beseni langa n'kukalirira kuseri kwa nyumba. Anamwalira patapita masiku ochepa, ndipo tinawaika ndi miyendo yawo yonse iwiri.